Mafunso a Owerenga: N'chiyani Chimasankha Malo a Zinki ndi Mtovu Pansi pa Nthaka?

Mwezi uno talandira makalata angapo ofunsa za zinki ndi mtovu. Zinki ndi amene amakutira malata kuti asachite dzimbiri, ndipo mtovu ndi umene umalemeretsa batire la galimoto ndi la sola. Akatswiri athu a za miyala ndi migodi ayankha motere.

Aphunzitsi anatiuza kuti zinki ndi mtovu zimapezeka pafupifupi m'mwala uliwonse. Nanga bwanji migodi yake ndi yowerengeka, ndipo bwanji zitsulo ziwirizi sizisiyana? — Wophunzira wa Fomu 4, Ntcheu

Aphunzitsi anu sananame. Tani imodzi ya mwala wamba imakhala ndi magalamu pafupifupi 70 a zinki ndi magalamu osapitirira 20 a mtovu. Koma kuti mgodi wapansi upindule, pamafunika mwala womwe zitsulo ziwirizi zikaphatikizidwa zifike 5 mpaka 10 peresenti, kutanthauza makilogalamu 50 mpaka 100 pa tani. Ndiye kuti payenera kukhala chinachake chotolera chitsulo m'dera lalikulu n'kudzachiunjika pamalo amodzi.

Ntchitoyi amagwira ndi madzi otentha amchere a pansi pa nthaka. Kawirikawiri amatentha madigiri 75 mpaka 200, ena kuposa 250, ndipo mchere wake ndi 10 mpaka 30 peresenti, pomwe madzi a m'nyanja zikuluzikulu ali ndi 3.5 peresenti yokha. Madzi otere akamadutsa m'miyala amasungunula zinki ndi mtovu pang'onopang'ono n'kuzinyamula. Zitsulo ziwirizi zimasungunuka m'madzi amtundu umodzi, ndipo zonse zimagwa zikakumana ndi sulufule: mtovu umasanduka mwala wa galena, zinki n'kusanduka sphalerite. N'chifukwa chake zimayendera limodzi.

Koma madzi sangadutse m'thanthwe lolimba. Amafuna njira, ndipo njirayo ndi ming'alu, miyala yophwanyika, mapanga, kapena miyala ya mchenga yokhala ndi timipata. Akayenda amafunanso malo otulira katundu wawo, pomwe angazizire mwadzidzidzi, kusakanikirana ndi madzi ena okhala ndi sulufule, kapena kudya mwala wa laimu n'kutaya ukali wawo. Mgodi umabadwa pomwe njira yakumana ndi malo oterewa, pa nthawi yomwe madziwo akuyenda. Chimodzi chikasowa, chitsulo chimangomwazika.

Ndimaphunzitsa jogalafe. Ana akandifunsa kuti chuma chapansi chimapezeka pati, ndimangoti pa ming'alu ikuluikulu ya nthaka. Kodi mng'alu uliwonse uli ndi chuma? Ngati ayi, mumasiyanitsa bwanji? — Mphunzitsi, Dedza

Aphunzitsi, ming'alu yambiri ilibe kanthu. Ngakhale mng'alu wobala mgodi umakhala wouma pafupifupi utali wake wonse, chitsulo n'kungokhala pa kachigawo kamodzi kapena tiwiri. Luso lonse lagona pa kudziwa kachigawoko.

Tikunena za mng'alu womwe miyala ya mbali ziwiri inasuntha, umene akatswiri amati fault. Pakati pake penipeni pamakhala dothi lomata, lochokera ku miyala yomwe inaperana pokhuzana. Dothi limeneli sililola madzi kudutsa. Madzi amayenda m'mbali mwake, m'chigawo cha miyala yosweka, chomwe chingakhale mamita ochepa kapena mazana angapo. Motero si zachilendo kupeza galena atadzaza mbali imodzi ya mng'alu, koma mukaboola dothilo n'kutulukira mbali inayo, mwala uli mbee wopanda kanthu.

Malo oyamba kuyang'ana ndi pomwe mng'alu wakhota. Mbali ziwiri zikamatsetsereka, pokhotapo sipagwirana bwino, pamatseguka mpata, ndipo madzi amathamangira momwemo. Malo ena ndi pomwe mng'alu umodzi ukuthera, wina n'kuyambira pambali pake. Mwala wa pakati pa ming'alu iwiriyo umapendeka ndi kusweka kwambiri chifukwa ukukokedwa uku ndi uku. Pomwe ming'alu iwiri yapingasana pamapangika mzati wa miyala yophwanyika wolowa pansi. Ndipo malo abwino koposa ndi pomwe mng'alu wadula mwala wa laimu kapena wa dolomite (mwala wofanana ndi wa laimu) womwe pamwamba pake pali shale, mwala wochokera ku matope. Madzi akakwera amagunda shale, amalephera kupitirira, ndiye amafalikira cham'mbali m'mwala wa laimu.

Dziko la Ireland ndi chitsanzo chomveka bwino. Miyala yake ya laimu ya zaka pafupifupi 350 miliyoni inadulidwa ndi ming'alu pa nthawi yomwe nthaka imakokeka, mbali imodzi n'kutsika. Pa mgodi wa Lisheen, womwe unagwira ntchito kuyambira 1999 mpaka 2015, chuma chinali ku mbali yotsikayo, kunsi kwa mwala wa laimu wotchedwa Waulsortian. Chinali chochindikala pafupi ndi mng'alu, n'kumapyapyala mukamatalikira. Madzi otentha onyamula zitsulo anakwera ndi mng'alu kuchokera ku miyala yakale yapansi, n'kukumana ndi madzi ozizira okhala ndi sulufule wopangidwa ndi tizilombo ta bakiteriya. Ku Navan, mgodi womwe unatulukiridwa mu 1970 ndipo ndi umodzi mwa migodi ikuluikulu ya zinki ku Ulaya, sulufule wochuluka zedi ndi wochokera ku tizilomboti.

Apa pali chida chomwe ofufuza amachidalira kwambiri. Zitsulo sizigwa nthawi imodzi. Kopa, ngati alipo, amagwera pafupi ndi potulukira madzi, mtovu n'kutsatira, ndipo zinki ndiye amapita patali. Mukaboola mabowo asanu n'kuona kuti mtovu ukuchuluka poyerekeza ndi zinki mukamalowera kum'mawa, dziwani kuti mng'alu wodyetsa, womwe unabweretsa madziwo, uli kum'mawako.

Chotsala, chomwe ambiri amachiiwala, ndi zaka za mng'alu. Wina umagwira ntchito matope akadaunjikana pansi pa nyanja. Ndi momwe zinalili ku McArthur River ku Australia zaka pafupifupi 1,640 miliyoni zapitazo, pomwe Emu Fault unatsitsa chidikha chakuya pambali pake, ndipo chuma chinayalana m'mizere yopyapyala pakati pa shale. Chizindikiro cha mng'alu wotere n'chakuti miyala yosanjikizana imachindikala mwadzidzidzi ku mbali yotsika, ndipo mumakhala zibenthu zogumuka kuchokera pa phompho lake. Wina umatseguka miyala itauma kale n'kulowetsa madzi. Wachitatu umabwera chuma chitakhazikika, ndipo ntchito yake ndi kungochidula ndi kuchisuntha. Wofufuza akasokoneza wachitatuyu ndi wodyetsa, amataya ndalama zambiri kuboola malo ouma.

Auzeninso anawo kuti si nthawi zonse pamene pamafunika mng'alu waukulu. Ku Viburnum Trend m'chigawo cha Missouri ku America, komwe chuma chinapezeka mu 1955, madzi anayenda mtunda wautali m'mwala wa mchenga wotchedwa Lamotte. Pomwe mwalawu unathera pogunda mapiri akale a granite okwiririka, madzi anakakamizika kukwera n'kulowa mu dolomite wa pamwamba pake. Zotsatira zake ndi mzere wa migodi ya mtovu wautali makilomita oposa 60.

Makolo anga anagwira ntchito pa mgodi wa Kabwe. Dera lonselo ndi lathyathyathya. Chinachititsa n'chiyani kuti chuma chochuluka chotere chikhale pa kamalo kakang'ono pomwepo? — Mayi, Chipata

Mayi, mgodi wa ku Zambia umene makolo anu anagwirako ntchito ndi umodzi mwa yonona kwambiri yomwe inakumbidwapo m'chigawo chino cha Africa. T. G. Davey anafika pa timapiri take mu 1902 n'kupatcha malowo Broken Hill potengera mgodi wa ku Australia. Pofika 1994, pomwe unatsekedwa, unali utatulutsa matani pafupifupi 1.8 miliyoni a zinki ndi 0.8 miliyoni a mtovu, kuchokera ku mwala wokhala ndi zinki pafupifupi 25 peresenti ndi mtovu woposa 10 peresenti.

Chuma cha ku Kabwe sichinayalane motsatira misanjo ya miyala. Chinali m'mizati ingapo yolowa pansi, yomwe ogwira ntchito ankaitchula ndi manambala: No. 1, No. 2, No. 3/4, No. 5/6. Mizatiyi inali mu dolomite wa gulu la miyala lotchedwa Katanga, ndipo malo ake analamulidwa ndi ming'alu yolunjika kumpoto chakum'mawa. Dolomite ndi mwala wosapindika bwino. Ukapanikizidwa umasweka, pomwe shale woyandikana nawo amangopindika n'kutseka mipata. Madzi amchere otentha anasankha mosweka, anadya dolomite n'kukulitsa njira, kenako n'kusiya sphalerite, galena ndi pyrite m'malo mwa mwala wodyedwawo. Mchere wake sunachokere patali, pakuti kunsi kwa gulu la Katanga kunali misanjo ya mchere wa nyanja yakale yomwe inaphwa.

Ming'alu yomweyo inadzagwiranso ntchito kachiwiri, ulendo uno kuchokera kumwamba. Madzi a mvula okhala ndi mpweya anatsika nayo n'kuyamba kuwononga mizati ija kuchokera kunja. N'chifukwa chake mzati uliwonse unali ndi mtima wa miyala ya sulufule ija, wozunguliridwa ndi chikhungwa cha miyala ina: willemite ndi smithsonite ya zinki, cerussite ya mtovu, komanso descloizite ndi vanadinite zokhala ndi vanadium. Madzi omwewo anakumba mapanga. M'phanga lina la kaphiri ka No. 1 ndi momwe ogwira ntchito anapeza chigaza chotchuka cha munthu wamakedzana mu 1921.

Kabwe ali ndi abale ake awiri. Kipushi ili ku DRC, makilomita pafupifupi 30 kuchokera ku Lubumbashi, m'malire mwenimweni ndi Zambia. Kumeneko chuma chili pomwe Kipushi Fault, mng'alu wotsika mwaphompho, wadula dolomite wotchedwa Kakontwe, ndipo anachitsatira mpaka kuya koposa mamita 1,000. Miyala yosunga chumayo ili ndi zaka zoposa 600 miliyoni, koma chuma chenichenicho anachiyeza n'kupeza zaka pafupifupi 450 miliyoni. Uwu ndi umboni woti chinalowa mochedwa, kudzera pa mng'alu. Mgodiwu unaima mu 1993 ndipo unayambanso mu 2024 pokumba chigawo chotchedwa Big Zinc, chomwe zinki wake amaposa 30 peresenti. Winayo ndi Tsumeb ku Namibia, womwe unatsekedwa mu 1996. Kumeneko madzi anasungunula dolomite, denga la phanga n'kumagumukira mkati, mpaka panapangika mzati wa zibenthu wolowa pansi mamita oposa 1,500, ndipo zitsulo zinadzaza mipata ya zibenthuzo.

Tinenepo chowawa. Mtovu womwe miyala inausunga bwinobwino kwa zaka mamiliyoni mazanamazana, lero uli m'fumbi la m'makomboni a Kasanda, Chowa ndi Makululu, ndipo ana ambiri a kumeneko ali nawo m'magazi mopitirira muyezo. Ngati muli ndi abale kumeneko, ana awo ayezedwe magazi.

Ndinamva kuti miyala imapindika. Zimenezi zimakhudza bwanji chuma? — Wophunzira za migodi, Blantyre

Zimakhudza mwa njira ziwiri. Misanjo ya miyala ikamapindika, pa nsonga ya pindolo imalekana n'kusiya mpata, ndipo mwala wolimba umang'ambika pamsana. Madzi amasonkhana pamenepo.

Njira yachiwiri imachitika chuma chikakhala kuti chilipo kale. Pa kutentha ndi kupanikizika kwakukulu, galena amafewa n'kuyamba kuyenda, sphalerite amayenda pang'ono, koma pyrite amangosweka. Galena amathawa m'mbali mwa pindo momwe mukufinyidwa n'kukaunjikana pa nsonga. Msanjo womwe unali mamita atatu ungapyapyale kufika theka la mita m'mbali, n'kufufuma mamita makumi angapo pa nsonga. Broken Hill ya ku Australia, yomwe inatulukiridwa mu 1883, ndi yotere. Chuma chake ndi chautali makilomita pafupifupi 8, pakati pake panaonekera pamtunda, koma mapeto onse awiri amalowa pansi kuposa kilomita imodzi. Migodi ya ku Aggeneys ndi Gamsberg ku Northern Cape, m'dziko la South Africa, nayonso ili m'miyala yopindidwa kangapo. M'malo otere musamangoyeza kupendeka kwa msanjo. Yezani komwe msana wa pindo ukulowera pansi, pakuti chuma chonona chimatsatira mzere umenewo.

Kuno kwathu kuli ming'alu yaikulu mpaka timamva zivomerezi, komanso kuli akasupe a madzi otentha. Bwanji tilibe mgodi wa zinki kapena mtovu? — Bambo, Salima

Bambo, funso lanu lagunda pamfundo. Ming'alu tili nayodi. Wa Bilila-Mtakataka ndi wautali makilomita oposa 100, kuli wa Thyolo, ndipo zivomerezi za ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu 2009 zinasonyeza kuti ming'alu ya chigwa chathu ikadali yamoyo. Akasupe a ku Chiweta, Nkhotakota ndi Liwonde akutsimikiza kuti madzi otentha amakwera nayo.

Koma ming'alu imeneyi ndi yaing'ono pa zaka, yosaposa zaka 25 miliyoni, ndipo madzi ake ndi a mvula omwe atsika, atenthedwa, n'kubwereranso. Mchere wake ndi wochepa kwambiri moti sanganyamule zinki ndi mtovu wokwanira mgodi. Chachiwiri, mbali yaikulu ya Malawi ndi miyala ya gneiss ndi granulite, yomwe inapsa pansi pakuya, ndipo misanjo ya pamwamba pake inakokoloka kalekale. Chidikha chachikulu cha dolomite, shale ndi mchere chonga cha Katanga, chomwe chinabala Kabwe ndi Kipushi, kuno kulibe. Miyala ya laimu yomwe tili nayo ku Changalume, Chenkumbi ndi Lirangwe ndi marble, timizere topanikizika pakati pa gneiss.

Izi sizikutseka khomo. Broken Hill ya ku Australia ndi Rampura Agucha ya ku India zili m'miyala yopsa kwambiri ngati yathuyi. Kusiyana kwake n'kwakuti m'miyala yotere simufunafuna mng'alu wooneka ndi maso pa phompho la nyanja. Mumafunafuna msanjo wakale womwe unali ndi chitsulo usanapse, n'kuutsatira m'mapindo ake. Zizindikiro zake ndi miyala yodzaza garnet wa manganese, mizere ya quartz ndi magnetite, barite, ndi kamwala kobiriwira kotchedwa gahnite, komwe kali ndi zinki ndipo sikaonongeka msanga, moti kamapezeka mu mchenga wa m'mitsinje. Mapu a Geological Survey Department ku Zomba, ndi zotsatira za kauniuni wa pa ndege yemwe anayamba mu 2013, ndi poyambira pabwino, chifukwa mapu a maginito amaonetsa mapindo ndi ming'alu yakale yokwiririka ndi dothi.

Ndimakumba miyala pang'onopang'ono. Ndapeza mwala wotuwa, wonyezimira, m'kamzere ka quartz. Ndingadziwe bwanji ngati ndi mtovu, ndipo kamzereko ndikatsatire bwanji? — Wokumba miyala, Balaka

Achimwene, yambani ndi sikelo. Yezani chibenthu choyera bwino, kenako chimizeni m'kapu yoyezera madzi muone kuti madzi akwera mamililita angati. Gawani magalamu ndi mamililitawo. Chibenthu cha magalamu 750 chikakweza madzi mamililita 100, yankho ndi 7.5, ndipo ameneyo ndi galena. Sphalerite amapereka pafupifupi 4, mwala wamba 2.7. Galena amakandika mosavuta ndi msomali, ndipo mukamumenya amasweka timabokosi ta ngodya zowongoka. Zomwe zimapusitsa anthu kuno ndi graphite, yemwe ndi wopepuka ndipo amalemba papepala. Magnetite, yemwe amakoka maginito. Hematite wonyezimira, yemwe mukamukhuza pa mbale yadothi yosapaka amasiya mzere wofiira. Ndi pyrite, wachikasu, wolimba moti amakanda galasi. Sphalerite ndi wabulauni kapena wakuda, amasiya mzere wotuwira kuchikasu, ndipo ufa wake mukaudonthezera hydrochloric acid wa 10 peresenti umanunkha dzira lovunda. Asidi yemweyo amakuuzani mwala wozungulira: wa laimu umachita thovu nthawi yomweyo, dolomite mpaka mutaukanda kukhala ufa.

Potsatira kamzereko mufunika kampasi. Yezani komwe kalunjika, zomwe akatswiri amati strike, ndi madigiri a kupendeka kwake polowa pansi, omwe amati dip. Teroni pa malo osachepera atatu, chifukwa muyezo umodzi ungakhale wa mwala wogubuduka. Kenako yendani motsatira mzerewo, mukukumba ngalande zopingasa pa mamita 25 kapena 50 alionse mpaka kufika pa thanthwe. Ngalande yotsatira mzere m'litali siikuuzani kuchindikala kwake. Pakhoma la mng'alu funani timikwasa tosalala tomwe miyala inasiya pokhuzana. Timasonyeza komwe mbali ziwiri zinalowera, ndipo m'ming'alu yokhotakhota chuma chonona kawirikawiri chimatalika mopingasa timikwasato.

Sampulo itengeni moona mtima. Semani kamsewu kopingasa mzere wonse, masentimita 5 mpaka 10 m'lifupi, 2 mpaka 3 kuya, mita imodzi pa thumba lililonse, n'kutola zonse zogwa, zokongola ndi zosakongola zomwe. Mukasankha zonyezimira zokha, labotale idzakuuzani 60 peresenti pa mzere womwe mwina uli ndi 3, ndipo mudzalowa m'ngongole chifukwa cha nambala yabodza. Pomwe thanthwe lakwiririka, tengani dothi la kuya masentimita 20 mpaka 40 pa mamita 50 alionse, m'mizere yopingasa yotalikirana mamita 200. Zinki amasungunuka n'kutsetsereka ndi madzi kumka kumunsi, koma mtovu suyenda patali. Ndiye pomwe mtovu wachuluka ndi pomwe pali pafupi ndi gwero.

Zinthu zitatu musazichite. Musasinje mwalawu pakhomo kapena mu mtondo, musauotche, ndipo zovala za kuntchito zisalowe m'nyumba momwe muli ana. Ku Zamfara ku Nigeria ana oposa 400 anamwalira cha m'ma 2010 chifukwa miyala ya golide yokhala ndi mtovu inkaperedwa m'makomo. Samalaninso ndi khoma lomwe lili ndi dothi la mng'alu lopendekera m'dzenje. Likanyowa ndi mvula yoyamba limatsetsereka lonse nthawi imodzi. Ndipo musanakumbe mozama, katengeni chilolezo ku ofesi ya migodi.

Makampani ofufuza amalengeza kuti aboola n'kupeza mamita 40 a chuma, koma patapita zaka mgodi osaoneka. Chimalakwika n'chiyani? — Wowerengera ndalama, Lilongwe

Kawirikawiri chimalakwika ndi kusamvetsa maonekedwe a chumacho pansipo. Dulani nzimbe mopingasa, kenako dulani ina mopendeketsa mpeni: nzimbe ndi imodzimodzi, koma nkhope yachiwiri ndi yaitali. Bowo likadula chuma mopendeka limaonetsa utali woposa kuchindikala kwenikweni. Kuti mupeze choonadi, chulukitsani utaliwo ndi sine ya ngodya yomwe bowo lakumana nayo ndi chumacho. Mamita 40 pa madigiri 20 ndi mamita 13.7 okha. Tiyerekeze chigawo cha mamita 200 m'litali ndi 100 kuya, mwala wolemera matani 3.3 pa kiyubiki mita. Mukawerengera mamita 40 mupeza matani 2,640,000, koma ndi mamita 13.7 mutsala ndi 904,200. Powerenga chilengezo funani mawu oti true width, kutanthauza kuchindikala kwenikweni. Akasowa, nambalayo musaidalire.

Vuto lina ndi kuphonya. Mzati woimirira wa mamita 30 m'mimba mwake, wamtundu wa ku Kabwe, mukaufunafuna ndi mabowo oimirira otalikirana mamita 100 mbali zonse, mwayi woulasa ndi 7 pa 100 basi. N'chifukwa chake mizati ndi ming'alu yotsika mwaphompho imaboledwa mopendeka, madigiri 50 mpaka 60, kuchokera ku mbali yomwe ikupendekera. Bowo lenilenilo limakhota likamapita pansi, ndiye liyenera kuyezedwa pa mamita 30 alionse. Kukhota kwa madigiri 5 pa mamita 400 kumakutayitsani mamita pafupifupi 35, omwe ndi okwanira kudutsa pambali pa mzati wonse.

Ndodo za mwala zotuluka m'bowo amazitchula core. Zimafunika kuikidwa chizindikiro cha mbali yapansi zisanazulidwe, kuti mng'alu uliwonse wooneka pa ndodoyo uyezedwe momwe unakhalira pansi. Popanda zimenezi mabowo awiri angalumikizidwe pa pepala ngati chuma chimodzi, pomwe ndi timizati tiwiri tosiyana. M'miyala yovunda ya pamwamba ndi m'mapanga, ndodo zimaphwanyika n'kukokoloka ndi madzi oboolera. Ngati pa mamita atatu mwatuluka mita imodzi ndi theka, zotsatira za pamenepo n'zokayikitsa, ndipo pafunika chitoliro cha zigawo zitatu chogwira mwala wofewa.

Makina ofufuzira nawonso ali ndi malire. Sphalerite sadutsitsa magetsi bwino, choncho makina odalira magetsi angakhale chete pamwamba pa zinki wochuluka, kapena kukuwa chifukwa cha graphite wopanda phindu. Makina oyeza kulemera kwa nthaka ndiwo amathandiza, popeza chumachi chimalemera kuposa dolomite. Ndipo chuma chikaduka mwadzidzidzi pa mng'alu wobwera pambuyo, sichinathe ayi, chasunthidwa. Pezani msanjo wodziwika bwino mbali zonse ziwiri, yezani kuti wasuntha mamita angati ndi kulowera kuti, onani komwe misanjo yapindikira pafupi ndi mng'alu, kenako boolani motsatira muyezowo.

Pomaliza pali madzi. Ming'alu ndi mapanga zomwe zinabweretsa chuma zikadali njira za madzi mpaka lero, ndipo mu dolomite mtengo wopopa ungadye phindu lonse. Kipushi inasefukira mu 2011 mapampu atasiya kusamalidwa, ndipo panatenga zaka kuti madziwo atsitsidwe. Mgodi wapansi ukamayandikira mng'alu wodziwika, amayamba aboola mabowo ofufuzira mamita makumi angapo kutsogolo kwa pokumba, kudzera m'paipi yomangidwa ndi simenti yokhala ndi valavu. Akapeza madzi amphamvu amatseka valavuyo, n'kupopera simenti m'ming'alu mpaka bowo loyesera lituluke louma, ndipo pamenepo ndi pomwe amaphulitsa.